Khutba ya Jumu'ah: Ntchito ya atatu pamutu pa mmodzi

Asilamu anzanga, muopeni Allah pa nkhani ya antchito anu.

Ambiri a inu muli ndi mwana kapena mphwanu amene anachoka ku Mangochi, Makanjira kapena Nkhotakota kukagwira ntchito m'masitolo ogulitsa zomangira nyumba ku Limbe ndi mu Blantyre. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, malata, penti ndi mapaipi zinakwera mtengo, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira katundu zinasowa. Malonda akavuta chonchi, mwini sitolo amayamba wachepetsa antchito. Kumene kunali wogulitsa pakauntala, wolemba malisiti ndi woyang'anira nkhokwe, kumatsala munthu mmodzi. Iye yemweyo awerenge misomali, ayankhe ogula, asenzenso matumba a simenti a makilogalamu 50, malipiro ali omwewo.

Kuchepetsa antchito malonda akagwa si haramu. Sitolo ikatsekedwa onse amagona ndi njala. Chimene chili haramu ndi kudya thukuta la wotsalayo. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiletsa kumsenzetsa wantchito zoposa mphamvu zake, ndipo analamula kuti ntchito ikamchulukira timuthandize. Anthu a ku Madyan, amene Mneneri Shuaib (Alaihi salaam) anatumidwa kwa iwo, anawonongedwa chifukwa cha kukanira ndi kubera pa miyeso. Kodi sikelo ndi ya chimanga chokha? Ukalandira ntchito ya atatu n'kulipira ya mmodzi, wabera pa muyeso. Ndipo ena mwa eni masitolo timaima nawo safu imodzi pa swala.

Nawonso malamulo a dziko lino sanakhale chete. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, limene linakonzedwanso mu 2010, likuti wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito, ngati wakwanitsa chaka, alandire ndalama yomutsazika: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse mwa zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 kuyambira chaka cha 11. Ntchito ikaposa maola 48 pa sabata, maola owonjezerawo ndi olipiridwa. Womanidwa zimenezi asangoti ndi qadar n'kukwera basi ya ku Mangochi. Apite ku ofesi ya Leba, zikakanika akadandaule ku khothi la Industrial Relations mu Blantyre momwemo, atatenga kalata yomuchotsera ntchito.

Iwe wotsala pakauntala, kutopa sikukuloleza kubisa loko m'thumba kapena kulemba lisiti labodza. Katunduyo ndi amana m'manja mwako.

Inu makolo akunyanja, mwana akasiya kutumiza ndalama pa foni, yambani mwamufunsa ngati ntchito ikadalipo. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, n'kumagona ndi ngongole ya lendi ku Bangwe kapena ku Ndirande. Ameneyo ali m'gulu la oyenera kulandira zakaati, ndipo komiti ya mzikiti wa kwanu imulembe dzina.