Pakani utoto mawindo anu musanalembe code

 Sinditalikitsa, poti ena muli ndi ulendo wapanjinga wobwerera ku Makawa dzuwa lisanalowe.

Ambiri amene mwayamba kulemba code mumagwiritsa ntchito Visual Studio Code, pulogalamu yaulere ya Microsoft yomwe inatuluka mu 2015. Ndi yabwino ndithu, koma mawindo ake amafanana ngati mapasa. Tiyerekeze kuti mwatsegula atatu: webusayiti ya loji ina ya ku Cape Maclear, kaundula wa ana asukulu, ndi kantchito kanu koyeserera. Onse ndi akuda, ndipo paliponse pali fayilo yotchedwa index.html. Magetsi athima, batire ikutha, mukuthamanga. Mwadina Alt ndi Tab, mwafufuta mizere, mwasunga, mwatumiza. Posakhalitsa mwini loji akuimba foni kuti mitengo ya zipinda yasowa pa webusayiti yake. Kasitomala wotere sabweranso, ndipo kuno kunyanja eni maloji amadziwana, nkhani imayenda.

Diso limagwira mtundu msanga kuposa dzina. Mukafuna kutapa ndalama pa boma, simuwerenga chikwangwani: kanyumba kofiira ndi Airtel Money, kobiriwira ndi TNM Mpamba, mwadziwira patali. Ndiye mawindo anu akhalenso choncho.

Njira yake nayi, ndipo siidya bandulo ngakhale pang'ono. M'foda ya pulojekiti yanu pangani foda ina yotchedwa .vscode, kadontho koyambirirako musakaiwale. M'menemo pangani fayilo ya settings.json. Lembani workbench.colorCustomizations, ndipo mkati mwake muike titleBar.activeBackground ndi nambala ya mtundu womwe mwasankha. Nambalayi imayamba ndi chizindikiro cha # kenako zilembo 6: ziwiri za kufiira, ziwiri za kubiriwira, ziwiri za buluu. Choncho #FF0000 ndi kufiira, #0000FF ndi buluu. Mukangosunga, mpendero wapamwamba wa windo usintha pomwepo, ndipo mapulojekiti ena sakhudzidwa. Muikenso titleBar.inactiveBackground, apo ayi mtundu uja uzisowa mukangochoka pa windoyo, pamene nthawi imeneyo ndiye mukuufunitsitsa poisaka pakati pa anzake.

Amene muli ndi kabandulo mutha kuika Peacock, kapulogalamu kowonjezera komwe analemba John Papa. Kamachita zomwezi, kungoti mumadina Ctrl, Shift ndi P, kulemba Peacock, n'kusankha mtundu. Ine ndimakonda muyambe mwalemba pamanja kamodzi kuti mudziwe chomwe chikuchitika kuseri.

Koma chachikulu si kukongoletsa ayi. Mtundu ukhale ndi tanthauzo, ndipo tanthauzolo lisamasinthesinthe. Ndikupempha kuti m'kalabu muno tigwirizane: kufiira tikusungire ntchito ya kasitomala imene anthu akuigwiritsa ntchito kale. Mukaona kufiira, chala chiime kaye, muwerenge dzina la foda musanafufute kanthu. Zoyeserera zikhale za buluu, mmenemo phwanyani mmene mungafunire. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife amene timabwerekana laputopu imodzi anthu anayi kapena asanu. Mitundu ikachuluka, pinki uku pepo uku, mubwereranso ku chisokonezo chomwe chija, ndiye itatu kapena inayi yakwana.

Mwina mwadabwa kuti bwanji sindinanene kubiriwira. Pali anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, ndipo ena sadzidziwa n'komwe. Buluu ndi chikasu amaziona bwinobwino. Ngati ndi inu, musachite manyazi, nenani tisinthe.

Chomaliza n'cha inu a Git. Mtundu uja umakhala m'fayilo ya settings.json, ndiye mukaitumiza pamodzi ndi code, mnzanu akaikoka windo yake isanduka yofiira iye osadziwa chifukwa. Ngati simunagwirizane, ilembeni mu .gitignore kuti izitsalira pa kompyuta yanu.

Loweruka likubwerali mubwere ndi malaputopu otchaja kale, tidzayese limodzi. Amene mulibe mudzakhale pambali pa mnzanu, kiyibodi muzidzasinthana.