Mankhwala a CBG a m'Chamba: Zoona Zimene Tiyenera Kuuza Anthu



Ndaima pamaso panu lero kuti ndilongosole za mankhwala ena opezeka m'chamba amene akatswiri a sayansi amawatcha cannabigerol, mwachidule CBG. Kumaiko a ku Amerika ndi ku Ulaya amalonda akugulitsa mafuta a mankhwalawa m'timabotolo, ndipo mbiri yake ikufika kuno kudzera pa mafoni a m'manja. Inu ndinu amene anthu amathamangirako akamva chinthu chachilendo, ndipo zimene mtsogoleri wanena pa msonkhano anthu amazitenga ngati mawu a Boma. Nchifukwa chake nkofunika kuti mudziwe bwino zimene zatsimikizika ndi zimene zikali kufufuzidwa.

Choyamba, tidziwe chinthucho. Mu utomoni wa maluwa a chamba muli mankhwala a mtundu umodzi oposa 100. Odziwika kwambiri ndi awiri: THC, amene amaledzeretsa ndi kuzunguza mutu wa munthu wosuta, ndi CBD, amene saledzeretsa. CBG ali m'gulu la mankhwala opezeka pang'ono, pakuti m'chamba chokhwima cha mitundu yambiri sapitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa maluwa ouma. Iyenso saledzeretsa. Amene adamupeza ndi Yechiel Gaoni ndi Raphael Mechoulam a ku Israel m'chaka cha 1964, chaka chomwecho chimene akatswiri awiriwa adalongosola mapangidwe a THC.

Chifukwa chimene CBG amachepera ndi ichi. Chomera chikamakula chimayamba kupanga asidi wotchedwa CBGA, amene tinganene kuti ndiye kholo la enawo. Pamene maluwa akukhwima, chomeracho chimasandutsa asidi ameneyu kukhala maasidi amene mumachokera THC, CBD ndi ena, ndipo chotsala pang'onocho ndicho chimasanduka CBG chikalandira kutentha. Tsono alimi ofuna CBG wochuluka amakolola msanga maluwa asanakhwimitse, kapena amabzala mbewu zimene akatswiri adazisankha mwapadera kuti zisamasandutse asidiyo.

Chachiwiri, tione zimene ofufuza apeza. M'chaka cha 1984 akatswiri a ku Amerika adaona kuti CBG amachepetsa kupanikizika kwa madzi a m'diso mwa amphaka, vuto limene mwa anthu limabweretsa khungu. M'chaka cha 2013 ofufuza a ku Naples, m'dziko la Italy, adapeza kuti amachepetsa kutupa kwa matumbo mwa mbewa. M'chaka cha 2016 a pa yunivesite ya Reading ku Mangalande adaona kuti makoswe opatsidwa CBG amadya chakudya chochuluka, zimene zidapereka ganizo lakuti mwina angadzathandize odwala amene chakudya chimawakanika.

Kafukufuku amene adamveka kwambiri ndi wa m'chaka cha 2020 wa pa yunivesite ya McMaster ku Canada. Kumeneko adayesa mankhwala 18 a m'chamba pa tizirombo totchedwa MRSA, timene timavuta m'zipatala chifukwa sitimva mankhwala ambiri. CBG ndiye adaposa onse, ndipo mwa mbewa adagwira ntchito mofanana ndi vancomycin, mankhwala amphamvu amene madokotala amagwiritsa ntchito pa tizirombo timeneti. Koma ofufuza omwewo adachenjeza kuti CBG amavulazanso maselo a thupi, kotero kuti zimene adapezazo ndi poyambira chabe pa ntchito yopanga mankhwala.

Mwamva, amayi ndi abambo, kuti ndatchula amphaka, mbewa ndi makoswe. Munthu sindinamutchule. Mankhwala ambiri amene amachiritsa mbewa amalephera akafika pa munthu, ena chifukwa chosagwira ntchito, ena chifukwa chowononga chiwindi kapena impso. Kuyesa CBG pa anthu kwangoyamba kumene. M'chaka cha 2024 gulu lotsogozedwa ndi Carrie Cuttler pa yunivesite ya Washington State ku Amerika lidapatsa anthu 34 mamiligalamu 20 a CBG tsiku lina, ndi madzi ongofanizira opanda mankhwala tsiku lina, popanda kuwauza chimene amwa. Anthuwo adanena kuti nkhawa yawo idachepa atamwa CBG, ndipo sadaledzere. Zimenezi nzolimbikitsa. Koma anthu 34 ndi ochepa kuposa ana a m'kalasi limodzi la kupulayimale, adali anthu athanzi osadwala, ndiponso adawayang'anira kwa ola limodzi lokha.

Kuti timvetse mtunda umene watsala, tiyang'ane mbale wake CBD. Ameneyu adapezeka m'chaka cha 1940, koma mankhwala a khunyu opangidwa kuchokera kwa iye, otchedwa Epidiolex, adavomerezedwa ndi Boma la Amerika m'chaka cha 2018, atayesedwa pa odwala mazanamazana. Ngakhale pamenepo adawaloleza pa mitundu yowerengeka chabe ya khunyu lovuta, ndipo madokotala amayeza chiwindi cha wodwala amene akumwa. CBG sanafike pamenepo, ndipo sanavomerezedwe ngati mankhwala ochiza nthenda iliyonse. Makolo athu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. CBG akali pachala.

Chachitatu, nkhaniyi ikutikhudza ife a m'dziko muno. Mwezi wa Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo lamulolo lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso ndi kuyang'anira ulimiwo. Dziko limene kwa zaka zambiri lakhala likudalira fodya pa ndalama zakunja liyenera kufunafuna mbewu zina, ndipo mankhwala ngati CBG akadzatsimikizika, alimi athu angadzapezepo phindu. Koma chamba chimene chimalimidwa mobisa m'mapiri chimafunidwa chifukwa cha THC, ndipo asidi uja amakhala atathera komweko. Munthu wosuta ndudu ya chamba akudzithira choledzeretsa ndi utsi m'mapapo. Kusuta chamba ndi mlandu, ndipo kulima popanda chiphaso ndi mlandunso.

Tsono mukabwerera kumadera kwanu, ndikupempha kuti mukafikitse mawu atatu.

Kwa odwala, mukawauze kuti asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo la mafuta limene wina wawatsatsa. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu apitirize kumwa monga adawalangizira adokotala. Mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi amene adalembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogulitsa amene akunena kuti botolo limodzi lichiza nthenda khumi akufuna ndalama za wodwalayo.

Kwa alimi, mukawauze kuti asagulitse ng'ombe kapena kutenga ngongole chifukwa cha mphekesera. Ayambe aona chiphaso, adziwe mtundu wa mbewu, adziwenso amene adzagule ndi mtengo wake, zonsezo zitalembedwa pa pepala. Munda wa chimanga usachepe chifukwa cha mbewu imene msika wake sunaoneke.

Kwa achinyamata, mukawauze kuti amene adapeza CBG adali anthu a sukulu, ogwira ntchito ndi maso akuthwa ndi mutu wabwino. Ngati tifuna kuti mankhwala otere adzapangidwe kuno, tifunika ana athu aphunzire sayansi, ulimi ndi udokotala, kuti tisamadzangogulitsa maluwa ouma pa mtengo wotsika nkumagula botolo pa mtengo wokwera.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Ofufuza akupitiriza ntchito yawo, ndipo tsiku limene madokotala adzavomereze mankhwalawa tidzabwera kudzakuuzani pa msonkhano ngati uno. Kufikira tsikulo, mukauze anthu zimene mwamva pano, osaonjezera ndiponso osachotsera.