Mau a Komiti kwa Achinyamata pa Tsiku la Eid



A Shehe athu, akuluakulu, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata ndi atsikana mwakhala kumbuyoko, tikuthokoza Allah potifikitsa pa tsiku lino titamaliza kusala mwezi wa Ramadhan.

Lero tikamba za mafoni. Taona, mwayamba kale kutsinana kuti madala aja ayambapo. Ayi, mitima pansi. Ife tidadzudzula mokwanira, ndipo pena tidalakwa.

Kumbukirani Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adagumula nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe patangotsala masiku ochepa kuti Ramadhan iyambe. Ife akomiti tisanakhale n'komwe pansi, ana athuwa anali atamemana kale pa WhatsApp, ndalama zikuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba, ena akutumiza ali ku Johannesburg. Ufa, ndowa ndi mabulangete zidapita kwa ovutikawo. Tidaona ndi maso, ndipo kunena zoona tidachita manyazi.

Koma pali chinthu chimodzi chikutiwawa. Masiku ano thumba la ufa silichoka m'manja popanda chithunzi. Mayi wamasiye, wamkulu woti n'kukubalani, mukuwaimika padzuwa: "Gwirani bwino thumbalo, yang'anani kuno!" Pofika madzulo nkhope yawo ili pa Facebook, apongozi awo aiona, adzukulu awo akusekedwa ku madrasa. Mayiwo sangakane, poti kunyumba kulibe chophika.

Mumati opereka amafuna umboni. N'zoonadi, ndalama za anthu zimafunika kulongosola bwino. Tsono jambulani matumbawo, jambulani malisiti, lembani chiwerengero cha mabanja. Nkhope ya munthu isiyeni. Zakaatul Fitr imene mwapereka Swala ya lero isanayambe si mphatso yochokera kwa inu ayi; ndi gawo la wosaukayo limene Allah adamuikira. Nanga munthu n'kumujambula polandira chake chomwe? Mtumiki wathu (SAW) adayamikira kwambiri sadaka yoperekedwa mobisa.

Komiti yagwirizana kuti kaundula wa mabanja osowa azisungidwa ndi achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo awiriwo azikhala nawo pa misonkhano yathu, osati kumangosesa ndi kuyala mikeka monga takhala tikukutumirani. Musankhane nokha, mutipatse maina Lachisanu likudzali ikatha Swala ya Jumu'ah. Kaundulayo asalowe pa gulu lililonse la WhatsApp, ngakhale lathu lakomiti lomwe.

Eid Mubarak kwa nonse.