Za Azamba ndi Chikuta

Ine ndinabadwira m'chikuta, kuseri kwa nyumba ya agogo anga, m'manja mwa mzamba wa pamudzi. Ndipo ndiyesa ambiri a inu chimodzimodzi. Chifukwa chake sindidzanyoza amayi aja, pakuti anali kudzuka pakati pa usiku, ngakhale mvula ili kugwa, nalandira nkhuku yokha kapena lichero la ufa.

Koma panali zina zimene manja awo sanakhoze. Mwana atabadwa, nsengwa ikakana kutuluka, mwazi utayika monga madzi a mumtsuko wosweka, ndipo mayi akhoza kutisiya maola awiri asanathe. Pamenepo muzu suthandiza. Ndiponso tisabise: matenda akachedwa, akuluakulu anali kukakamiza mayi kuti atchule amuna amene anayenda nawo, nam'mwetsa mwanamphepo, pamene chovuta chinali chakuti mwana wapingasa kapena njira yachepa.

M'chaka cha 2007 Boma linaletsa azamba a kumidzi kubereketsa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichoke. Koma mafumu ambiri anasungabe lamulo lawo, nalipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi wochirira pakhomo. Za chindapusa ichi mtima wanga sukondwera, pakuti chigwera wosauka amene akhala kutali. Komabe kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 anabadwira kuchipatala, ndi kuti imfa za amayi pa uchembere zinatsika kufika pa 439 mwa ana 100,000 obadwa amoyo, pamene mu 2004 zinali 984.

Taonani, uzamba sunathe ayi. Ku Namitambo, ku Namadzi ndi ku Mbulumbuzi, wolandira mwana ndiye namwino mzamba, ndipo pompano pa Nguludi pali sukulu yowaphunzitsa ntchitoyi. Iye ali ndi jakisoni woletsa mwazi. Zikam'kanika atumiza mayi ku chipatala chachikulu, kumene akhoza kum'chita opareshoni ndi kum'thira mwazi.

Tsono inu akatekisiti, poyenda m'malimana musangofunsa tsiku la ubatizo. Funsani mwini nyumba: mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana, adzaperekeza mayi kuchidikiro ndani? Ufa ndi nkhuni zilipo kodi? Nanga ana otsala pakhomo adzawasunga ndani? Ndipo ngati agogo azamba akali ndi mphamvu ya kuyenda, apempheni apite naye, akam'phikire phala ndi kum'limbitsa mtima monga anali kuchitira kale.