Maphunziro a za Upandu

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu ya sekondale akhoza kuphunzira criminology, ndiwo maphunziro ofufuza cifukwa cace anthu amapalamula mirandu. Si maphunziro a malamulo ai. Loya afunsa ngati munthu anaba mbuzi. Wophunzira za upandu afunsa cimene cinamfikitsa pa khola la mwini usiku.

M'caka ca 1876 dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso, analemba kuti mbala imacita kubadwa, ndi kuti izindikirika ndi cibwano ndi makutu ace. Ambiri anabvomera, pakuti ganizo lotere lipeputsa nchito. Koma Charles Goring, dokotala wa ndende za ku England, anayeza akaidi pafupifupi 3,000 nawalinganiza ndi asilikali ndi ophunzira. Mu 1913 anaonetsa kuti nkhope ya upandu kulibe.

Ku Cambridge sukulu ya maphunzirowa inatsegulidwa mu 1959, ndipo University of South Africa iphunzitsa munthu ali kwao. Otsiriza amalowa upolisi kapena nchito ya ndende. Ena amayendera makolo a ana opalamula, ndipo woweruza amayamba wawerenga zimene iwo apeza asanagamule ngati mwana atsekeredwe kapena abwerere kwao.