Mayi wofufuza ku Inhaca ndi mbewu ya nsomba

Tisanakambe za maiwe, ndikuuzeni za mayi wina amene ambiri simunamumvepo, Margaret Kalk.

Mayiyu anali katswiri wa zamoyo za m'nyanja ya mchere. Anafufuza pa chilumba cha Inhaca, kufupi ndi Maputo, ndipo mu 1958 iye ndi William Macnae anatulutsa buku la zamoyo za pachilumbapo. Kenako anakaphunzitsa ku Yunivesite ya Malawi, n'kutsogolera gulu lofufuza nyanja yathu ya Chilwa kuyambira 1966 mpaka 1976. Ntchito itangoyamba, nyanja inawaphwera pamaso mu 1968. Wina akanamanga katundu. Iwo anapitiriza kuyeza madzi, mchere ndi matope, kufikira nyanja itadzazanso.

Zimene anapeza n'zogwirizana ndi zimene agogo athu ankanena, kungoti iwo anazilemba. Nyanja ya Chiuta ili ndi potulukira: madzi ake amapita ku nyanja ya Amaramba, n'kulowa mu mtsinje wa Lugenda, kenako Rovuma. Ya Chilwa ilibe. Mchenga uja umene njanji ya ku Nayuchi imadutsapo ndi umene unalekanitsa nyanja ziwirizi. Ndiye madzi a Chilwa amangochoka ndi dzuwa, mchere n'kutsalira. Nyanja yake ndi yosaya kale, choncho mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, madzi amasanduka amchere kwambiri, nsomba n'kuyamba kufa nyanja isanaume n'komwe. Mu 1995 zinachitikanso, ndipo za 2018 munaziona nokha.

Tsono funso, amayi: nyanja ikabwerera, nsomba zimachokera kuti? Sizimera m'matope. Zimachokera m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Mnembo kuno kwathu, Domasi ndi Likangala kutsidyako, komanso m'zithaphwi za m'njedza. Matemba, milamba ndi makumba zothawira kumeneko ndi zimene zimadzaswana madzi akabwera. Milamba ndi matemba sizichedwa kuchuluka. Makumba amatenga zaka, n'chifukwa chake mukawatha m'dziwe mumawasowa nthawi yaitali.

Apa ndiye pamene pali vuto lathu. Madzi akachepa, dziwe limadzaza nsomba, munthu n'kuthiramo katupe kapena kukokamo neti ya udzudzu. Ndiwo za masiku angapo mwapezadi, sindikukana, njala si yonamizira. Koma zimenezo n'chimodzimodzi kukazinga chimanga cha mbewu. Katupe sasankha, amapha ndi tiana tomwe.

Chimene ndikupempha, amfumu, ndi choti lero titchule maiwe akuluakulu amene saphwa msanga, tigwirizane kuti amenewo asalowe katupe kapena neti ya udzudzu, ndipo komiti ya asodzi iziwayendera. Maiwe ena atsale a mbedza ndi miono kuti ana asagone ndi njala. Tikambiranenso ndi anzathu a ku Nayuchi, poti nsomba siidziwa malire.

Abambo a zimbowera, inu ndi amene mukuwadziwa maiwewa mayina. Yambani ndinu, ine ndizilemba.