Bala lapola koma ululu sukutha

Mfumu itamaliza nkhani za feteleza, mlangizi wa zaumoyo anafunsa kuti ndani amene msana wamuzunza kupitirira miyezi itatu. Manja anakwera ambiri, makamaka kumbali ya amayi.

"Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo. Ululu ukadutsa miyezi itatu, madokotala amautenga ngati matenda paokha," anatero. Kenako anafotokoza za makina a MRI, onga aja anafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 n'kuonetsa mmene ubongo wa ana odwala malungo aakulu umatupira. Amajambula mkati mwa mutu popanda kung'amba. Kajambulidwe kena, fMRI, kamatsata magazi, chifukwa mbali ya ubongo imene ili pantchito imakoka magazi ambiri.

Munthu akapsa chala, zithunzizo zimasonyeza mbali zingapo zikudzuka limodzi: yodziwa pamene papsa, komanso za mantha ndi nkhawa. Ku Chicago, Vania Apkarian ndi anzake anatsatira kwa chaka anthu amene msana unali utangoyamba kuwawawa. Mu 2012 analengeza kuti ululu unakhalitsa kwambiri mwa amene mbali za ubongo zoona za mmene mtima ukumvera zinkalumikizana mwamphamvu kuyambira pachiyambi. Chaka chotsatira anaonetsa kuti ululu ukakhazikika umasamukira kumbali zimenezi.

"Ndiye mukuti n'zamaganizo chabe, mwanawe?" anafunsa agogo ena atatsamira ndodo.

"Ayi agogo, ululuwo ndi weniweni. Munthu woduka mwendo amatha kulira ndi phazi limene kulibe. Sakunama, ubongo wake ukupitiriza kuliza belu." Apa mpofunika kuti apongozi ndi amuna amvetsetse, pakuti mayi wodandaula msana chaka chonse sachedwa kutchedwa waulesi kapena wolodzedwa.

Mlangiziyo analangiza kuti choyamba ndi ulendo wa kuchipatala, makamaka ngati munthu akuonda, akutentha thupi usiku kapena miyendo ikuchita dzanzi, poti TB imagwiranso msana. Madokotala akapeza kuti palibe choopsa, wodwalayo asamangogona pamphasa: aziyenda pang'onopang'ono, azigwira ntchito zopepuka, azigona tulo tokwanira. Anachenjezanso za kumwa bulufeni wa pagolosale tsiku ndi tsiku, chifukwa amabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.